Memole ya Bwana Wamkulu

Dzina lake lenileni linali lolembedwa pachitseko cha ofesi, koma panalibe amene ankaliwerenga. Aliyense ankamutchula kuti Zimitsani, chifukwa munthu akamuimbira foni kuti kompyuta yavuta, yankho lake linali limodzimodzi: zimitsani, muyatsenso. Anali mkulu wa chigawo cha makompyuta pabungwe lina lopereka ziphaso za malonda. Pampando umenewo anali atakhalitsa moti anzake onse amene analowa nawo ntchito anali atakwera kale kuchipinda chapamwamba. Iye anali akadali pansi, m'kachipinda kopanda zenera koyandikana ndi zimbudzi, momwe fani inkalira ngati chigayo.

Chaka chimenecho bungwe linagula seva yatsopano, chibokosi chakuda chotalika ngati kabati ya zovala. Makompyuta akale anayenera kupuma. M'malo mwake aliyense ankayenera kupatsidwa kompyuta yongoyerekeza yokhala m'kati mwa chibokosicho, padesiki n'kungotsala sikirini, kiyibodi ndi mausi.

Pamsonkhano wa mabwana, Zimitsani anafotokoza kuti chibokosicho chili ngati nyumba yaikulu ya lendi, ndipo kompyuta ya aliyense ikhala ndi chipinda chake mmenemo. Chofunika kugawana chinali memole, malo amene kompyuta imayalapo zinthu ikamagwira ntchito. Memoleyo inalipo yambiri ndithu, koma inali ndi polekezera.

Kagawidwe koyenera ankakadziwa bwino: umayang'ana ntchito imene kompyuta iliyonse imagwira, n'kuipatsa molingana ndi ntchitoyo. Koma m'mawa wa tsikulo, akumeta ndevu, anali ataona imvi zatsopano pachibwano ndipo anaganiza zina. Choncho ataona kuti Bwana Wamkulu ayamba kuyasamula, anakonza tayi n'kunena kuti iye monga katswiri akuona kuti memole igawidwe motsata maudindo, pakuti amene amasenza maganizo a bungwe lonse ndi amene ayenera malo aakulu oganizirapo.

Bwana Wamkulu anatseka pakamwa kuyasamula kusanathe. Anamuyang'ana Zimitsani ngati akumuona koyamba, kenako anafunsa a Wachiwiri awo kuti mnyamata ameneyu ankabisala kuti nthawi yonseyi.

Kugawana kunatenga tsiku lonse. Bwana Wamkulu anatenga gawo lawo mosavuta, poti panalibe wotsutsa. A Wachiwiri anaumirira kuti lawo lichepe pang'ono chabe poyerekeza ndi la Bwana, koma lipose la wina aliyense moonekera ngakhale kwa munthu wodwala maso. Mkulu woona za antchito anakangana ndi mkulu wa galimoto mpaka kukumbutsana za maphunziro. Pofika pa kompyuta ya pazenera lothandizira anthu, imene inkasindikiza ziphaso za anthu, panangotsala nyenyeswa. Zimitsani anaona kuti nambalayo yachepa. Anadziuza kuti kompyutayo izingoyenda pang'onopang'ono, ndipo anthu a pazenera anazolowera kale zinthu zoyenda pang'onopang'ono.

Tsiku lotsegulira kunabwera alendo ochokera kumabungwe ena, kunali riboni, kunali wojambula. Pakhonde la chipinda chapamwamba anapachika TV yaikulu yoonetsa makompyuta onse mondondozana, kuyambira ya Bwana Wamkulu kutsika mmunsi. Pambali pa iliyonse panali nambala ya memole yake ndi kadontho, kobiriwira ngati ikuyenda, kofiira ngati yaima. Bwana anadula riboni, n'kudina batani limene Zimitsani anawalozera. Timadontho tinayamba kubiriwira kuchokera pamwamba, ndipo anthu ankaomba m'manja kalikonse kakasintha. Kotsiriza kanakhalabe kofiira. Pansi pake panatuluka mawu a Chingerezi.

Mlendo wina wa magalasi, amene mwina ankaganiza kuti akuthandiza, anawawerenga mokweza n'kuwamasulira. Mawuwo ankati kompyutayi siyatsidwa, chifukwa famuweya ikufuna memole yoposa imene yaperekedwa; chonde wonjezerani, muyesenso.

Bwana Wamkulu anamwetulirabe chifukwa wojambula anali pomwepo. Koma anapendekera kwa Zimitsani n'kufunsa ndi mano okha: "Famuweya ameneyu ndi ndani? Anamulemba ntchito ndani?"

M'mawa mwake kunali msonkhano wadzidzidzi. Zimitsani anafotokoza kuti famuweya si munthu. Ndi kapulogalamu kamene kamayamba kudzuka kompyuta ikayatsidwa, n'kudzutsa zina zonse, ndipo nako kamafuna malo ake oti kaimepo. Ndiye seva isanayatse kompyuta iliyonse yongoyerekeza, imayamba yayeza kaye ngati memole ikukwanira famuweya. Ikapanda kukwanira, imakana n'kunena chifukwa chake. Anawonjezera kuti yoperewerayo ndi yochepa kwambiri, moti munthu mmodzi atangobenthulako pang'ono pagawo lake, nkhani ithera pomwepo.

A Wachiwiri anayamba kupukuta magalasi. Kenako ananena kuti iwo akanapereka ndi mtima wonse, koma zimenezo zingaoneke ngati akufuna kuposa Bwana pa kuwolowa manja. Mkulu wa galimoto anati gawo lake analipeza movutikira ndipo anauza kale akunyumba. Mkulu woona za antchito anatsegula buku la malamulo a ntchito n'kufunsa ngati kompyuta ingathe kuimbidwa mlandu wa kusamvera, poti kukana ntchito pamaso pa alendo kuli m'gulu la milandu yaikulu. Anakambirana zimenezi kwa kanthawi ndithu, mpaka wina anakumbutsa kuti woimbidwa mlandu amayenera kusaina kalata.

Bwana Wamkulu anafunsa kuti kale, kuyezaku kusanabwere, zinkatha bwanji. Zimitsani anayankha kuti kale kompyuta yotere inkayaka ndithu, koma n'kungoima panjira, sikirini ili bii, osanena kanthu, ndipo munthu unkatuluka thukuta tsiku lonse osadziwa chavuta. Kuyezako anakuikamo akatswiri pofuna kuthandiza. Bwana anafunsanso kuti zikatero kadontho kaja kamakhala kotani. Zimitsani anazengereza pang'ono, n'kuvomera kuti kamakhala kobiriwira, poti kwa seva kompyutayo imakhala kuti yayaka.

"Ndiyetu vuto si memole," anatero Bwana Wamkulu. "Vuto ndi pakamwa. Wantchito amene wabwera n'kukhala pampando wake phee, ameneyo ali pantchito. Koma wonena zakukhosi pamaso pa alendo, ameneyo ndi wamwano. Kachotseni kuyezako."

Zimitsani anatsika masitepe, nakachotsa. Sizinamutengere nthawi. Kadontho kotsiriza kanabiriwira, ndipo lipoti la sabata imeneyo linati makompyuta onse a bungwe akuyenda.

Amene anasangalala kwambiri anali mayi wa pazenera, amene anthu a pamzere anamupatsa dzina loti a Bweranimawa. Kwa zaka zambiri ankauza anthu kuti sisitimu yagwa, anthu osakhulupirira. Tsopano anali ndi umboni. Anatembenuza sikirini yakudayo kuti iyang'ane kumzere, ndipo munthu akafika pazenera, iwo ankangoiloza ndi bolopeni osakweza mutu. Ziphaso zinayamba kulembedwa pamanja, zochepa patsiku, chilichonse n'kukwera pamwamba kukadikira siginecha. Mzere unatuluka pakhomo, kutsika masitepe, kutsata khoma mpaka pamene pamakhala opukuta nsapato.

Zimitsani ankalowera khomo lakumbuyo. Mumtima sankamva bwino, koma zinthu zinkamuyendera. Bwana Wamkulu anayamba kumupatsa moni pakhonde, tsiku lina mpaka anamutchula dzina lake lenileni, ngakhale analiphonya pang'ono. Sekilitale wa Bwana anamunong'oneza kuti dzina lake likumveka m'malo abwino.

Mkazi wake, amene ankaphunzitsa masamu kusekondale, anamva nkhani yonseyi akusita malaya Lamlungu masana. Sanaseke, sanadzudzule. Anangotembenuza kolala n'kunena kuti chiphaso cha shopu ya utelala ya amayi ake chikutha mwezi womwewo, ndipo akubwera kudzatenga chatsopano. Zimitsani anati palibe vuto, angomupatsa mapepalawo, iye akawadutsitsa yekha pamwamba. Mkaziyo anati anawauza kale zimenezo koma akana. Akuti akufuna akaone ndi maso awo makina aja amene akamwini awo anawafotokozera paphwando la mwana, otulutsa chiphaso munthu asanamalize kuphethira.

Zimitsani anakumbukira kuti anaterodi. Tsiku limenelo anali atamwako pang'ono.

Apongozi anafika Lachiwiri. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, woyenda ndi tepi yoyezera m'khosi kulikonse ngati dokotala. Anabwera ndi kampando kopinda, ambulera ndi botolo la madzi, n'kukhala pamzere pafupi ndi opukuta nsapato. Pofika chakumasana anali atadziwana ndi aliyense, atayeza kale anthu awiri masiketi.

Zimitsani anatuluka kukagula batire ya mausi ya mkulu wina. Anazungulira kuseri kwa galimoto zoimikidwa, atawerama pang'ono, koma maso a telala saphonya msoko. Apongozi anamuitana, ndipo panalibe kuchitira mwina. Anapita, anapereka moni mwaulemu, anafunsa za ulendo. Apongozi anaimirira, anamugwira dzanja n'kutembenukira kumzere.

"Awa ndi akamwini anga ndimakuuzani aja," anatero monyadira. "Makompyuta onse m'nyumba umu, mwini wake ndi awa. Palibe chimayaka muno iwo osadziwa."

Mzere wonse unatembenuka. Panalibe amene anatukwana. Bambo wina wogulitsa nyama, wa manja ngati mafosholo, anayandikira n'kufunsa mwaulemu kwambiri kuti kodi abwana amakhala dera liti. Mayi wina wa saluni anati wakhala akubwera kuyambira sabata yatha ndipo akungofuna kudziwa nkhope ya munthu woti azimutchula m'mapemphero. Wowotcherera zitsulo anapempha nambala ya foni. Zimitsani asanayankhe, apongozi anaitchula pamtima, pang'onopang'ono, n'kubwerezanso kuti akumbuyo amve.

Kenako anamusisita paphewa n'kumuuza kuti asadandaule za iwo. Sakufulumira. Shopu aisiya m'manja mwa anthu, ndipo poti kwawo n'kutali, azigona kwa ana awo mpaka chiphaso chituluke, ngakhale utakhala mwezi.

Zimitsani anabwerera m'kachipinda kake batire asanagule. Foni inali itayamba kale kulira m'thumba, nambala zachilendo zokhazokha. Anaizimitsa, anakhoma chitseko, nakhala pansi. Inali nthawi ya nkhomaliro ndipo mabwana onse anali atatuluka. Anatsegula seva n'kuyang'ana mmene kompyuta iliyonse inkagwiritsira ntchito gawo lake. Ya Bwana Wamkulu inali ngati holo ya ukwati yokhala ndi mpando umodzi pakati. Munali masewera a makadi ndi chithunzi cha galimoto imene Bwana ankafuna kugula.

Anaganiza zongobenthula pagawo la Bwana kochepa kokwanira famuweya. Koma anakumbukira kutalika kwa mzere, anakumbukira manja a wogulitsa nyama, anakumbukiranso kuti chipinda cha alendo kunyumba n'choyandikana ndi chawo. Anadula chigawo chachikulu, chokwanira kuti kompyuta ya pazenera ithamange, osati kungodzuka. Anabwezeretsanso kuyeza kuja, chifukwa chichotsereni ankamva ngati ali ndi kamwala mu nsapato. Atayatsa, seva inayeza, inapeza kuti zakwanira, osanena kanthu.

Pazenera sikirini inawala. Poti inali yoyang'ana kumzere, anthu ndi amene anayamba kuiona a Bweranimawa asanadziwe. Mayiwo analoza ndi bolopeni monga mwa masiku onse, munthu wa pazenera osachoka. Atakweza mutu n'kusuzumira, nkhope yawo inagwa ngati alandira uthenga wa maliro. Anayesa kunena kuti mwina yangoyaka mwangozi, tiyeni tiipatse nthawi, koma pulinta inali itayamba kale kukoka pepala. Tsiku limenelo anagwira ntchito mpaka chala chinatupa. Pofika nthawi yoweruka mzere unali utatha. Apongozi analandira chiphaso chawo, anachiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kukwera basi ya madzulo omwewo. Mwana wawo anati anaoneka okhumudwa pang'ono, poti anali atalongedza zovala zambiri.

Chimene Zimitsani anaiwala chinali TV ya pakhonde. A Wachiwiri anali ndi chizolowezi choima pamenepo m'mawa uliwonse, kapu ya tiyi m'manja, kuonetsetsa kuti palibe wapansi amene wawayandikira. M'mawa mwake anaona kuti nambala yawo yaposa ya Bwana Wamkulu. Anayang'ana uku ndi uku, anamaliza tiyi, osauza munthu.

Koma tsiku lotsatira anabwera ndi suti yatsopano. Anaimika galimoto yawo pamthunzi, pamalo amene aliyense ankadziwa mwini wake. Pafoni anayamba kuyankha ndi mawu a pansi pa mmero. Ena nawo anaiona nambalayo, ndipo mphekesera inayenda kuti akuluakulu a bodi yoyang'anira bungwelo agamula kale zochotsa Bwana Wamkulu, kungoti kompyuta ndi imene yayamba kudziwa. Amesenjala anayamba kupereka moni kwa a Wachiwiri poyamba. Mkulu woona za antchito anawapititsira mafayilo amene sanawapemphe. Bwana Wamkulu, amene sankavala magalasi pakhonde kuti asaoneke okalamba, anali omaliza kumva. Anawauza ndi sekilitale wawo, akulira.

Zimitsani ataitanidwa, anakwera masitepe akudziwa kuti ntchito yatha. Anali atakonza mawu oti anene, okhudza anthu a pamzere ndi chikumbumtima, ndipo ena mwa mawuwo ankamukomera ndithu. Koma atalowa anapeza Bwana Wamkulu atakhala m'mphepete mwa mpando, jekete atavula, akuoneka ochepa thupi. Anamuuza kuti atseke chitseko, ndipo anamupatsa mpando, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

"Inu mumaona zam'kati," anatero Bwana motsitsa mawu. "Ndiuzeni zoona, achimwene. Andichotsa?"

Zimitsani anawayang'ana. Mawu ake okonzeka aja anasungunuka. Anamva chisoni, ndipo pansi pa chisonicho anaona khomo lotseguka. Anati ayi, palibe amene wachotsedwa, TV ija ndi imene yasokonezeka, ndipo aikonza lero lomwe.

Anaikonzadi. Anaidula kuseva, n'kukonza zoti izionetsa nambala zimene iye walemba ndi manja ake. Analembamo nambala zakale zonse monga anagawirana pamsonkhano. M'kati mwa chibokosi zinthu zinakhala mmene anazisiyira Lachiwiri lija. Pofika masana a Wachiwiri anatuluka mwakachetechete kukachotsa galimoto pamthunzi, ndipo suti ija sinaonekenso.

Bwana Wamkulu anachira msanga. Tsopano ankavala magalasi pakhonde, ndipo tsiku lina anaima nthawi yaitali akuyang'ana mzere wotsiriza wa pa TV. Anaitanitsa msonkhano. Anati onse aone kompyuta ya pazenera: memole yake ndi nyenyeswa zomwe zija, koma ikutulutsa ziphaso kuposa kale lonse. Chinasintha n'chiyani? Anaitseka pakamwa, ndipo itaona kuti kudandaula sikuthandiza, inaphunzira kukhala ndi zimene ili nazo. Limeneli, anatero, ndi phunziro kwa antchito onse.

Nkhaniyo inawagwira mtima okha moti analengeza pomwepo kuti iwo, monga mtsogoleri, akudzichotsera kagawo ka memole yawo kuti apereke chitsanzo. A Wachiwiri anatuwa, koma anayenera kudzichotsera nawo kuti asayandikirenso pamwamba. Akuluakulu a zigawo anatsatira, aliyense akuyang'ana mnzake. Zinatsika choncho mpaka pansi, ndipo kuti dongosolo lisasokonekere, ya pazenera nayo anaidula. Memole yopulumutsidwayo anagwirizana kuti isungidwe, idzathandize pakagwa zadzidzidzi. Zimitsani analemba zonse, anatsika, anasintha nambala za pa TV, seva osaikhudza.

Kumapeto kwa mwezi kompyuta ya pazenera inasankhidwa kukhala wantchito wakhama. Panavuta pang'ono popereka satifiketi, poti wolandirayo analibe manja ndipo panalibe amene ankadziwa pamene ali kwenikweni. Ena ankati ikamatidwe pachibokosi, ena pasikirini. Anamaliza n'kuipereka kwa a Bweranimawa kuti aisunge m'malo mwake, ndipo pachithunzi cha tsikulo mayiwo akuoneka ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa mkazi mnzake kuti alere. Pamwambo womwewo analengeza kuti Zimitsani wakwezedwa. Atafika kunyumba, mkazi wake anamufunsa ngati wasangalala. Anayankha kuti akuganiza choncho. Mkaziyo anati amayi aimba foni, akuti amusokera jekete.

Mbiri ya kompyuta yodziletsa inafika kumabungwe ena kudzera mwa alendo aja. Bwana Wamkulu anaitanidwa kukalankhula za utsogoleri wosawononga, ndipo ankatenga Zimitsani kuti akathandize akatswiri a kumeneko kuchita zomwezo. Kubungwe loyamba, Bwana ali m'holo kulankhula, Zimitsani anaperekezedwa kuchipinda cha makompyuta. Anapezamo mayi wina wa msinkhu wake, wa maso otopa, atavala juzi chifukwa cha kuzizira kwa makina. Mayiyo anamulandira, anatseka chitseko, anatereka ketulo. Anacheza za mitengo ya zingwe ndi za magetsi ozimazima. Kenako, akuthira shuga, anafunsa osamuyang'ana:

"Nambala za pa TV yanu zija, mumalemba pamanja eti?"

Zimitsani anayang'ana kapu yake. Anayamba kunena kuti nkhaniyo ndi yovuta kuifotokoza mwachidule.

"Ifenso," anatero mayiyo. "Chaka chachitatu chino. Kungoti ife sitinaganize zoti munthu angakwezedwe nazo."

Anamupatsira mbale ya mabisiketi. Kuchokera kuholo kunkamveka anthu akuomba m'manja. Awiriwo anagwirizana kuti akhale mmenemo mpaka nthawi ya nkhomaliro, kenako akauze mabwana kuti ntchito yatheka.